Amisiri a Moto wa m'Kompyuta

Liwiro limene limalembedwa pa purosesa ya kompyuta ndi lonjezo la kampani imene idaipanga. Intel kapena AMD akalemba kuti 3.3 GHz, ndiye kuti akulonjeza kuti kachipangizo aka kazigunda ka 3,300,000,000 pa sekondi iliyonse osaphonya masamu, kaya kali mu ofesi yozizira ku London kaya m'kachipinda ka malata ku Chatoloma, ndipo kazitero kwa zaka zambiri. Munthu wolonjeza anthu mamiliyoni salonjeza zonse zimene angathe, amasiyako kampata. Kampata ameneka ndi kamene kadabala luso la overclocking, luso lothamangitsa purosesa, graphics card kapena RAM kupyola liwiro la ku fakitale. Achinyamata okonda magemu amafunsa kawirikawiri ngati kutero kuli ndi phindu. Ine ndimaona kuti yankho lake limamveka bwino munthu akaima kumbuyo kwa mmisiri wodziwa ntchitoyi n'kumaonerera manja ake.

Mapurosesa sapangidwa imodziimodzi. Amasindikizidwa mazanamazana pa mbale imodzi ya silicon yotambalala mamilimita 300, kenako mbaleyo imadulidwa tizidutswa. Tizidutswato sitifanana ngakhale tichokere pa mbale imodzi. Kena kamathamanga kwambiri ndi magetsi ochepa, kena kamafuna magetsi ambiri kuti kafike pa liwiro lomwelo, kena kamatuluka kali ndi mbali yakufa. Ku fakitale amayesa kalikonse n'kukaika m'gulu lake, gulu lililonse ndi dzina lake ndi mtengo wake. Nthawi zina msika umafuna mapurosesa otsika mtengo ochuluka kuposa ofooka amene atuluka, ndiye kampani imangotenga abwino n'kuwapatsa dzina la gulu lapansi. Wogula sadziwa chimene chili m'manja mwake. Mmisiri wa overclocking ndi munthu amene kusadziwa kumeneku kumamusowetsa tulo. Dzina lolembedwa pa katoni silimukwanira, amafuna kuidziwa purosesa iyi yomwe ili pa tebulo lake, pomwe imalekezera, ndiponso magetsi amene imafuna kuti ikafike pamenepo.

Luso limeneli lidakulira m'manja mwa anthu a m'thumba moperewera, ndipo n'chifukwa chake ndimalikonda. M'chaka cha 1998 Intel idatulutsa Celeron 300A, purosesa yotchipa. Liwiro lake linkapezeka pochulukitsa nambala ziwiri: 66 MHz ya pa motherboard ndi 4.5 ya m'kati mwa purosesa, zimene zinkapereka 300 MHz. Nambala ya 4.5 idali yokhoma, koma anthu adatulukira kuti pa motherboard ngati Abit BH6 angathe kukweza 66 ija kufika pa 100. Pompo 300 idasanduka 450, liwiro la Pentium II yapamwamba kwambiri ya chaka chimenecho, imene mtengo wake udali wowirikiza kangapo. Patapita zaka ziwiri kudabwera nkhani ya pensulo. Pamwamba pa mapurosesa a AMD otchedwa Athlon ndi Duron padali timilatho ting'onoting'ono tolembedwa L1, timene kampani inkadula kuti munthu asasinthe nambala yochulukitsa ija. Wina adakumbuka kuti makala a m'kati mwa pensulo amadutsitsa magetsi. Anthu ankasongola pensulo bwinobwino, n'kumayendetsa nsonga yake pa kamlatho kalikonse, kupita ndi kubwera, mpaka kamzere kakuda katalumikiza mbali ziwiri, maso ali tcheru kuti kamzere kena kasakhudze kanzake. Loko ya fakitale ya ndalama zankhaninkhani idatsegulidwa ndi chida chimene chimapezeka m'chikwama cha mwana wa Sitandade 3.

Makampani ataona kuti sangaletse, adayamba kugulitsa ufuluwo. Chilembo cha K pa purosesa ya Intel chimasonyeza kuti nambala yochulukitsa ndi yosakhoma. Core i5-2500K ya mu 2011 idalembedwa 3.3 GHz, koma ambiri ankaifikitsa pa 4.5 GHz ndi fani yabwino chabe, ndipo ina ikuseweretsabe magemu mpaka lero. Makompyuta ambiri amene amafika ku Kasungu si otero. Ndi a kaunjika, aja adagwirapo ntchito m'maofesi a kunja n'kulowa m'dziko kudzera ku Johannesburg kapena ku Dubai, ma Dell OptiPlex ndi ma HP amene BIOS yake, posinthira makonzedwe a motherboard, ilibe n'komwe poti munthu n'kukweza liwiro. Chinthu choyamba chimene mmisiri woona amachita ndi kuyang'ana dzina la purosesa ndi la motherboard, ndipo ngati zili zokhoma amanena poyera kuti apa palibe chokweza. Amene amalandira ndalama pa kompyuta yotere ponena kuti aithamangitsa ndi wakuba.

Ikapezeka yosakhoma, mmisiri sathamangira manambala. Amayamba ndi kutsegula bokosi. Kompyuta imene yadutsa chilimwe chimodzi pafupi ndi msewu wa fumbi imakhala itatseka mphuno: pakati pa fani ndi zipsepse za aluminiyamu za heatsink pamakhala fumbi lolukana ndi ubweya wa nsalu, lokhuthala moti limachoka lonse pamodzi ukalikoka ndi zala. Amalipemerera ndi blower ali panja, chala chimodzi atagwira fani kuti mphepo isaizungulitse mopyola muyeso n'kuwononga bearing. Asanachotse heatsink amayamba wayatsa kompyutayo pang'ono kuti paste yakale ya pakati pa heatsink ndi purosesa ifewe, ndipo pochotsa sazula ayi, amapotokola pang'ono uku ndi uku mpaka amve kuti yamasuka. Pa ma motherboard ambiri a AMD, wozula mwamphamvu amatulutsa purosesa yonse itamatirira ku heatsink, timiyendo take tamkuwa titapindika. Paste yakale imakhala itauma gwa, yotuwa, yong'ambikang'ambika. Amaipukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti mpaka chitsulo chiwale mbali zonse ziwiri. Kenako amadonthezera kadontho kamodzi ka paste yatsopano pakati penipeni. Zitsulo ziwirizi zimaoneka zosalala, koma zili ndi timaenje tosaoneka ndi maso momwe mumatsalira mpweya, ndipo mpweya sudutsitsa bwino kutentha. Ntchito ya paste ndi kungodzaza timaenjeto basi, motero yochuluka sithandiza. Pomanga masikuluu anayi amayamba ndi imodzi, n'kupita ku ya ngodya yoyang'anizana nayo, kamodzi kuno kamodzi uko, kuti heatsink itsike mofanana ndipo paste ifalikire yokha. Pa kompyuta yakale, ntchito iyi yokha imatha kutsitsa kutentha kwambiri moti gemu imene inkadukaduka imayamba kuyenda, mmisiri asanakhudze nambala iliyonse.

Tsopano amayatsa kompyuta n'kuiyesa momwe ilili. Amatsegula HWiNFO kuti aone kutentha ndi voltage, amayendetsa Cinebench kuti apeze nambala yoyambira, ndipo zonse amalemba m'kope. Kope limeneli ndi chizindikiro cha mmisiri. Lili ndi mizere ya nambala yochulukitsa, voltage, kutentha kwa purosesa, nthawi ya tsiku, ndi mawu amodzi kumapeto: yapirira, kapena yagwa. Akalowa mu BIOS amasintha chinthu chimodzi chokha. Nambala ya motherboard masiku ano imakhala pa 100 MHz, choncho akakweza yochulukitsa kuchoka pa 40 kufika pa 41, purosesa yachoka pa 4.0 kufika pa 4.1 GHz. Amasunga, amayatsanso, n'kuyendetsa Prime95. Pulogalamu imeneyi adailemba George Woltman kuti izisaka manambala akuluakulu a masamu, koma idapezeka kuti imapanikiza purosesa kuposa gemu iliyonse, ndipo purosesa ikaphonya ngakhale kamodzi imanena. Ikapirira, amakwezanso kamodzi. Ikagwa, kaya ndi sikirini ya buluu kaya kuuma kwa chithunzi, amawonjezera voltage pang'ono kwambiri, mwina 0.01 kapena 0.02, n'kuyesanso. Akasintha zinthu ziwiri pamodzi, kompyuta ikagwa sangadziwe chimene chaigwetsa, ndiye sachita zimenezo ngakhale mwini wake atakhala kuti akudikira pakhomo. Akapyola malire moti kompyuta ikukana kuyaka n'komwe, sanjenjemera. Amazimitsa, amachotsa kabatire kozungulira ka pa motherboard, amadikira pang'ono, BIOS n'kuiwala zonse n'kubwerera pa za ku fakitale. Akatero amatsegula kope n'kuyambira pa mzere womaliza wolembedwa kuti yapirira. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuyesa komaliza kumatenga usiku wonse, chifukwa purosesa ikhoza kupirira mphindi 20 n'kudzagwa pa ola lachisanu.

Mdani wa ntchito yonseyi ndi kutentha, ndipo masamu ake ndi ankhanza. Magetsi amene purosesa imadya amakwera molingana ndi liwiro, koma pa voltage amakwera kawiri, voltage kuchulukitsa ndi voltage. Tinene kuti purosesa yachoka pa 4.0 kufika pa 4.5 GHz, ndipo kuti ipirire yafuna kuti voltage ichoke pa 1.20 kufika pa 1.35. Liwiro lakwera ndi 12.5 peresenti, koma kutentha kumene heatsink iyenera kuchotsa kwakwera ndi pafupifupi 42 peresenti. Masitepe oyamba amabwera motchipa, mwina popanda kuwonjezera voltage n'komwe. Kenako pamafika pomwe 100 MHz iliyonse ikufuna voltage yambiri kuposa yam'mbuyo, ndipo mizere ya m'kope imayamba kuonetsa kutentha kukudumpha ndi madigiri 5 kapena 6 pa sitepe imodzi. Mmisiri amapazindikira pamenepo. Akhoza kupitirira pang'ono kuti adziwe pomwe purosesa imathera, koma kompyuta imene adzapereke kwa mwini wake amaibweza m'mbuyo masitepe awiri.

Aliyense amene adachezerapo pa balani la fodya wa flue-cured akuudziwa kale mtima wa ntchito imeneyi. Chigwa cha Kasungu chidaphunzira moto kalekale, pa minda ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi ma esiteti a Press, ndipo mtengo umene belo limapeza pa okushoni ya Chinkhoma umakonzedwa ndi munthu amene amasonkhezera nkhuni usiku. Tsamba likalowa m'balani, moto umayamba wofatsa, pakati pa madigiri 35 ndi 40, mazenera a mpweya atatsekedwa, kuti tsamba lisanduke lachikasu lisanaume. Wosonkhezera akapupuluma apa, tsamba limauma lidakali lobiriwira, ndipo kubiriwirako sikuchokanso. Likapsa bwino amatsegula mazenera n'kumakweza moto pang'onopang'ono, digiri imodzi pa ola, kuti chinyezi chituluke. Akakweza msanga tsamba lidakali ndi madzi, limaphikika n'kuda. Pomaliza penipeni, thupi la tsamba litauma, ndi pamene moto umafika cha pa madigiri 70 kuti msempha wapakati uume. Ntchito yonse imatenga pafupifupi sabata. Pa khoma pamakhala ndondomeko yolembedwa, koma katswiri amadziwa kuti masamba apansi ndi apamwamba safuna moto wofanana, ndipo balani lililonse lili ndi ngodya yake yotentha kwambiri. Amayang'ana thermometer, komanso amapisa dzanja n'kukhudza tsamba. Moto wambiri amatha kuukoleza nthawi iliyonse, nkhuni zilipo. Chimene amalipidwira ndi kudziwa ola limene tsamba lingaulandire. Mmisiri wa kompyuta ali pa ntchito yomweyo, kungoti ng'anjo yake ndi yaing'ono ndipo iye amafuna moto utuluke m'malo moti ukhale.

Nyengo ya kuno ili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Manambala amene achinyamata amaona pa YouTube amayesedwa m'zipinda zozizira za madigiri 21 kapena 22. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, kunja ku Kasungu kumapyola madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana kumatentha koposa apo. Fani siziziritsa kupyola mpweya umene ikukoka. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10, purosesa nayonso imakwera ndi madigiri pafupifupi 10. Onjezani kuti chigwachi chili pamtunda wopyola mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo ndipo umanyamula kutentha kocheperapo. Mapurosesa ambiri a Intel akafika pa madigiri 100 amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse, a Ryzen 7000 amatero pa 95. Choncho kompyuta yokwezedwa mu Juni, nthawi ya chisanu, n'kuyesedwa usiku, ikafika mu Okutobala imatha kuyenda pang'onopang'ono kuposa isanakwezedwe. Mmisiri wa kuno amayesa masana, dzuwa lili paliwombo, bokosi litatsekedwa monga momwe lidzakhalire kunyumba kwa mwini wake.

Boma lino lili ndi mwana wake amene adaonetsa dziko lonse chimene manja angatulutse mu zinthu zotayidwa. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, ali ndi zaka 14, adamanga makina a mphepo ndi mitengo ya bulugamu, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo ya njinga, zida zimene palibe fakitale idazipangira ntchito imeneyo. Anthu amakumbuka mapiko ozungulira ndi babu loyaka. Ine chimandigwira mtima ndi kachipangizo kena kamene adapanga pambuyo pake ndi misomali, waya ndi maginito ya sipika, kodula magetsi mawaya akagundana kuti nyumba ya makolo ake isapse. Mnyamata aliyense wanzeru angathe kukankha chida kuti chichite zoposa. Amene amakhala pansi n'kuganizira tsiku limene zinthu zidzalakwike, n'kulikonzeratu, ameneyo wasanduka mmisiri. Mu overclocking kachipangizo kameneka ndi malire a voltage ndi a kutentha amene mmisiri amadziikira asanayambe, ndipo sawadumpha ngakhale nambala yokongola itatsala pang'ono kufika.

Alipo amene amadumpha malirewo mwadala, ndipo nawonso ndimawapatsa ulemu. Amachotsa fani n'kuika kachubu ka mkuwa pa purosesa, n'kumathiramo nayitrojeni yamadzi imene imawira pa madigiri 196 pansi pa ziro. Motherboard amaimata ndi mafuta kapena labala wofewa kuti chinyezi cha mumpweya chisaundane n'kudonthera pa mawaya. Dzanja limodzi limathira, diso lili pa thermometer, chifukwa purosesa ina ikazizira kwambiri imaleka kugwira ntchito. Mu 2011 AMD FX-8150 idafika pa 8.429 GHz mothandizidwa ndi helium yamadzi, ndipo mu Disembala 2022 Jon Sandström wa ku Sweden, wodziwika kuti Elmor, pamodzi ndi anzake adapyoletsa 9 GHz pa Core i9-13900K. Liwiro lotere limakhala kwa kanthawi kongokwanira kujambula umboni. Palibe amene amasewera gemu pamenepo. Ndi mpikisano wa akatswiri, ndipo zimene amaphunzira zimathandiza opanga ma motherboard, koma mnyamata wa ku Santhe asaone manambalawo n'kuganiza kuti kompyuta yake ikumubisira mphamvu yotero.

Pa makompyuta atsopano kampata kaja kadatsala pang'ono kutha, chifukwa makampani adaphunzira luso la amisiriwa n'kuliika m'kati mwa purosesa. Kuyambira pa Turbo Boost ya Intel mu 2008, GPU Boost ya Nvidia mu 2012 ndi Precision Boost ya AMD mu 2017, chipangizo chimadziyeza chokha kutentha ndi magetsi kambirimbiri pa sekondi n'kumadzikweza mpaka pomwe chingathe. Core i9-14900K imatuluka m'katoni ikufika pa 6.0 GHz ndipo imaloledwa kudya mawati 253. Kampani ina ya ku America yotchedwa Silicon Lottery, imene inkagula mapurosesa ambiri, kuwayesa, n'kumagulitsa othamanga kwambiri pa mtengo wokwera, idatseka mu Okutobala 2021, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene idapereka chidali chakuti kampata kokwezera kachepa. Mu 2024 kudamvekanso nkhani yoopsa kwa aliyense wokonda voltage: mapurosesa ena a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 adayamba kuwonongeka ali pa manambala a ku fakitale, chifukwa ankapempha voltage yochuluka. Intel idatulutsa microcode yatsopano n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Voltage yambiri ndi kutentha zimadya timawaya ta m'kati mwa purosesa pang'onopang'ono, ndipo chimene chadyeka sichibwerera. Ngati mainjiniya a fakitale adafika pamenepa, munthu amene wagula purosesa yatsopano ndi ndalama za mabelo a chaka chonse alibe chifukwa choiwonjezera moto. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, graphics card ikapsa si chinthu choti mawa ungagule ina.

Mmisiri wabwino amadziwanso kuti liwiro la purosesa ndi kusalala kwa gemu ndi zinthu ziwiri. Mnyamata amabwera ndi kompyuta yake kuti EA Sports FC kapena GTA V ikudukaduka.

"Madala, ingoikwezani ifike pa 5, anzanga akuti zimatheka."

"Achimwene, tiyambe taona chimene chikutopa. Mwina purosesa yanu ilibe mlandu."

Amayatsa gemu, MSI Afterburner ikuonetsa manambala pa ngodya ya sikirini. Nthawi zambiri graphics card imakhala pa 99 peresenti pamene purosesa ikungogwira theka la mphamvu yake. Apa kukweza purosesa n'kungowonjezera moto wopanda ntchito. Amayang'ana RAM n'kupeza kuti muli kamtengo kamodzi, pamene motherboard imayenda bwino ndi tiwiri togwira ntchito limodzi. Pa makompyuta opanda graphics card yapadera, kuwonjezera kachiwiri kumasintha gemu kuposa overclocking iliyonse. Kapena amapeza RAM yolembedwa 3200 ikuyenda pa 2133 chifukwa palibe adayatsa XMP mu BIOS. Kuyatsa XMP nakonso ndi overclocking, koma yoyesedwa kale ndi wopanga RAM, ndipo mmisiri amaitsimikizira ndi MemTest86 asanaikhulupirire. Amafunsanso za sikirini. Ngati ndi ya 60 Hz, imaonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, ndipo kuvutika kuti gemu ichoke pa 80 kufika pa 88 sikusintha kwenikweni chimene diso likuona. Pamene kukweza kumamveka m'manja ndi pa kompyuta yakale yosakhoma imene ikupereka zithunzi 45 kapena 50, n'kukwezedwa mpaka ikhazikike pa 60. Pamenepo mpira umayenda mosalala, ndipo kompyuta imene ikadatayidwa imapeza zaka zina za moyo. Phindu la overclocking kuno kwathu lagona pamenepa, pa chida chakale chimene mwini wake sangathe kugula chatsopano.

Palinso nkhani ya magetsi, imene amisiri a ku Ulaya saiganizira. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yopyola chaka, ndipo anthu ambiri adathamangira ku sola ndi inveta. Batire ya 12 volt ndi 100 Ah imasunga ma watt-hour 1,200, koma ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupyola theka, motero otsala ndi 600. Kompyuta yokwezedwa ikamadya mawati 50 owonjezera kwa maola anayi, ndiye kuti 200 apita, gawo limodzi mwa magawo atatu a 600 aja, limene likadayatsa mababu ndi kutchaja mafoni a banja lonse. Magetsi akamabwera modukaduka, power supply yotchipa imene ikugwira ntchito pa malire ake ndi imene imayamba kufa, ndipo nthawi zina imapita ndi motherboard. Mmisiri amawerenga chikwangwani cha power supply asanakweze chilichonse, ndipo akainyamula n'kumva kuti ndi yopepuka modabwitsa amakayika za mawati olembedwapo.

Pa zifukwa zonsezi, ntchito imene ndimaisirira koposa ndi yotembenuza lusoli. Amaitcha undervolting. Popeza fakitale imaika voltage yokwanira ngakhale kachidutswa kofooka ka m'gululo, purosesa kapena graphics card yabwino imalandira magetsi oposa amene ikufuna. Mmisiri amasiya liwiro pomwe lili n'kumatsitsa voltage, sitepe imodziimodzi, ndi kope lomwe lija, ndi kuyesa komwe kuja. Mu Afterburner amatsegula mzere wokhota umene umasonyeza liwiro la graphics card pa voltage iliyonse, amasankha kadontho kamodzi, mwina pa 0.9, amakakweza kufika pa liwiro limene khadiyo inkafika ndi voltage yoposa 1.0, kenako amawongola mzere wonse wotsatira kuti khadi isapemphenso zoposa pamenepo. Pa ma Ryzen 5000 ndi otsatira ake, Curve Optimizer imalola kuchita zomwezo pa mbali iliyonse ya purosesa payokha, ndipo zimatenga masiku, chifukwa purosesa yotsitsidwa voltage mopyola imatha kupirira ntchito yolemera n'kudzagwa ikungokhala chete. Akaipeza nambala yoyenera, fani imaleka kulira, mpweya wotuluka kumbuyo kwa bokosi umafunda m'malo motentha, batire imakhalitsa. Ndipo popeza zipangizo za masiku ano zimadzikweza zokha zikaona kuti kwazizira, khadi yotsitsidwa voltage kawirikawiri imakhazikika pa liwiro lokwera kuposa kale, makamaka masana a Okutobala. Kulakwitsa kwake sikupsereza kanthu, gemu imangodzitseka ndipo mmisiri amabweza sitepe imodzi.

Ma motherboard ambiri amalola kusunga makonzedwe angapo mu BIOS, ndipo mmisiri wa kuno amasunga awiri. Ena ndi a miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, okwererapo pang'ono. Ena ndi a chilimwe, otsika ndi 100 kapena 200 MHz ndi voltage yocheperapo. Amamuonetsa mwini wake batani lolowera mu BIOS ndi posinthira, amamuuza kuti bokosi lisakhale pansi pomwe amasesa koma pa tebulo, kutali ndi khoma, ndiponso kuti mvula ikayamba ndi ziphaliwali azizula pulagi. Manambala omaliza amawakopera pa kapepala n'kukamata m'kati mwa chitseko cha bokosi pamodzi ndi tsiku limene waika paste, kuti mmisiri wina amene adzaitsegule m'tsogolo, kaya ku Kasungu kaya ku Lilongwe, adzadziwe zimene zidachitika ndipo asadzayambe kuyesa kuchokera pa chiyambi.